Madisiki awiri m'kabokosi kamodzi si bakapu

Mwezi uno wokha anthu atatu andibweretsera kabokosi ka NAS pa shopu yanga pano pa boma la Kasungu, ndipo onse atatu anayamba ndi mawu amodzimodzi: "Komatu achimwene, muli madisiki awiri m'menemu." Amawatchula madisiki awiriwo ngati chithumwa. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndingolemba.

Kwa amene simunakaonepo, NAS ndi kakompyuta kopanda sikirini kokhala ndi madisiki m'kati. Mumakalumikiza ku rauta ndi waya, ndipo laputopu, mafoni ndi TV za m'nyumbamo zimasunga ndi kutenga mafayilo pamalo amodzi. Ena amagula a Synology kapena QNAP, ena amatenga kompyuta yakale n'kuikamo pulogalamu ya OpenMediaVault kapena TrueNAS. Zotsegula mafoda ndi kupanga mapasiwedi sindilemba pano, kabokosiko kamakutsogolerani kokha. Ndingonenapo ziwiri mothamanga: kauzeni rauta kuti kabokosiko kazikhala ndi adiresi imodzi yosasintha, apo ayi magetsi akazima n'kuyakanso muzikasakasaka pa netiweki ngati mbuzi yosochera. Ndipo kalumikizeni ndi waya wa Cat5e kapena Cat6 pa doko la gigabiti, limene limakoka mamegabayiti oposa 100 pa sekondi. Marauta ambiri otchipa ali ndi madoko a 100 Mbps, amene sapitirira mamegabayiti 12 pa sekondi, ndiye musamanamizire disiki kuti ndi yaulesi.

Tsono za madisiki awiri zija. Chimene amakuikirani chimatchedwa RAID 1. Chilichonse chimene mwalemba pa disiki yoyamba chimalembedwanso pa yachiwiri nthawi yomweyo. Imodzi ikafa, inzake imapitiriza ntchito mpaka mugule ina. Ntchito yake yathera pomwepo, si bakapu, kope lina la mafayilo losungidwa padera. Mwana akafufuta foda ya zithunzi, yafufutika pa onse awiri. Vayirasi yomanga mafayilo ikalowa, yamanga pa onse awiri. Mphenzi ikadzera pa waya mu Januwale sisankha, ndipo wakuba akathyola zenera satulutsa disiki imodzi n'kukusiyirani inayo mwaulemu. Ife a kuno tikudziwa kuti matumba awiri a chimanga m'nkhokwe imodzi amapsa ndi moto umodzi. Sindikudziwa chifukwa chake nzeru imeneyi imatithawa tikangoona kanthu kokhala ndi magetsi ophethira.

Pali mnyamata wina wojambula maukwati ndi zinkhoswe cha ku Nkhamenya amene nkhani yake sindiiwala. Ndine amene ndinamuikira kabokosi kake, madisiki awiri a 4 TB. Tsiku loyamba lomwelo tinakangana chifukwa ankayembekeza kuona 8 TB koma anaona 3.6, ndipo ankaganiza kuti ndamubera. Ndinamufotokozera, anamvetsa. Nditamuuza za UPS, kabatire kogwirizira magetsi akazima, ndi disiki yachitatu yosunga kwina, anati ndalama zatha, adzagula fodya wa bambo ake akatuluka ku Chinkhoma. Ndinangoti chabwino. Mawu akuti chabwino amenewo ndi amene amandiwawa mpaka lero.

Mu Okutobala, kutentha kuli phuliphuli ndipo maukwati ali Loweruka lililonse, kabokosi kanayamba kulira ndipo kagetsi kamodzi kanasanduka kofiirira. Disiki yoyamba inali itafa. Iye anapeza pozimitsira kulirako, pa kagetsiko anamatapo selotepi kuti kasamamusokoneze usiku, n'kupitiriza ntchito. Mafayilo ankatseguka bwinobwino, ndiye vuto linali pati? Anayenda ndi disiki imodzi miyezi iwiri yathunthu. Madisiki awiriwo anagulidwa tsiku limodzi, anazungulira maola ofanana m'chipinda chimodzi cha malata chodzaza fumbi. Mu Disembala, magetsi atazimazima kangapo madzulo amodzi, yachiwiri inayamba kugogoda: tha, tha, tha.

Ngakhale pamenepo mwayi unalipo. Akanazimitsa n'kubwera. Koma anatulutsa madisiki onse awiri n'kupita nawo kwa mnyamata wina woika nyimbo m'mamemori khadi pa msika, amene pakhomo pake analembapo kuti amabweza mafayilo otayika. Madisiki a NAS salembedwa m'njira ya Windows, ambiri amagwiritsa ntchito njira za Linux monga ext4 kapena Btrfs. Ukawalumikiza pa laputopu ya Windows saoneka, kapena kompyuta imakufunsa ngati ukufuna kufomata. Katswiri wathuyo anavomera. Atatha kufomata anaika pulogalamu yobwezera mafayilo, ndipo zimene inkapeza ankazisunganso pa disiki yomweyo, kulemba pamwamba pa zinthu zimene ankafuna kupulumutsazo. Disiki inayo anaitsegula ndi sikuludiraiva kuti aone ngati singano yakodwa. M'kati mwa disiki muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo kamutu kowerenga kamauluka pafupi kwambiri ndi mbaleyo moti kafumbi kamodzi ndi mwala panjira yake. Iye anaitsegulira pa benchi, m'mbali mwa msewu, minibasi zikudutsa.

Pamene mnyamata wojambulayo ankafika kwa ine, sanabwere yekha. Anali ndi mayi wina wachitsikana atavala chitenje ndi duku lakuda. Ukwati wake unali mu Seputembala, mwamuna anamwalira mu Novembala, ndipo vidiyo anali asanalandire chifukwa anali asanamalize kulipira. Anakhala pa benchi la makasitomala manja ali pamiyendo, sanakalipe, sanalire. Anangoti, "Bambo, ngakhale kachidutswa chabe koti ndimve mawu awo." Ndinakopera disiki yofomatidwayo ndi pulogalamu ya ddrescue masiku anayi, kenako ndinasefa zotsalira ndi ina yotchedwa PhotoRec. Ndinapeza zithunzi zochepa za pa perekaniperekani, ndi kavidiyo ka masekondi osakwana 40 koonetsa anthu akuvina, mkwati akuonekera kumsana. Mawu ake munalibe.

Ndiye mundimve, inu amene mukufuna kuika kabokosi kotere m'nyumba mwanu. Musanagule disiki yachiwiri ya RAID, gulani kaye disiki ya kunja ya USB. Mwezi uliwonse, kapena sabata iliyonse ngati zimenezi ndi zimene zimakudyetsani, koperani zonse pamenepo, muizule, mukaisunge kunyumba ina, kaya kwa amayi anu ku Santhe, kaya mu dirowa ya kuntchito. Anzathu a ntchitoyi amati 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Disiki imene imangokhala yolumikizidwa ku kabokosiko usana ndi usiku sindiiwerengera. Ndipo nthawi zina muzitsegulako fayilo imodzi kapena awiri pa bakapuyo. Ndaonapo anthu akusunga mokhulupirika disiki yopanda kanthu kwa chaka chonse. Za Google Drive ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, simungakweze mavidiyo onse. Kwezaniko zopepuka zosabwezeka: masatifiketi, mapepala a malo, makontirakiti, zithunzi za makolo.

Chachiwiri ndi UPS, ndipo pa ichi sindimvanso zakuti ndalama zatha. Amene safuna UPS sindimuikira NAS, apite kwina. Magetsi akazima disiki ili m'kati molemba, fayilo imaduka pakati, ndipo akabwera ndi mphamvu amawotcha zamkati. Gulani UPS yokhala ndi doko la USB, muilumikize ku kabokosiko kuti batire ikayamba kutha kazizima kokha mwadongosolo. Amene muli pa sola musadzinamize kuti nkhaniyi sikukukhudzani, inveta nayo imazima mwadzidzidzi batire ikatsika m'bandakucha. Mvula ya mabingu ikayamba, zimitsani ndi kuzula mawaya onse, ndi wa netiweki womwe.

Madisiki ake samalani nawo. Pali opangidwira ntchito yoyaka usana ndi usiku, monga WD Red Plus ndi Seagate IronWolf. Pali njira ziwiri zolembera pa disiki, CMR ndi SMR. Funsani ngati ndi CMR, chifukwa a SMR amachedwa koopsa nthawi imene RAID ikudzimanganso pokopera zonse pa disiki yatsopano, nthawi imene disiki yotsalayo ili pa mpanipani. Wina akakugulitsani disiki ya m'pepala lonyezimira akulumbira kuti ndi yatsopano, tsegulani SMART, lipoti limene disiki imasunga la umoyo wake, muone maola amene yagwira ntchito. Ndinagwirapo ina "yatsopano" yokhala ndi maola oposa 30,000, zimene ndi zaka zitatu ndi miyezi ingapo osazima. Pa SMART pomwepo muziyang'ana nambala 5 ndi 197, zimene zimawerenga malo owonongeka pa mbale. Zikachoka pa ziro n'kumakwera, disikiyo ikutsanzika, ngakhale mafayilo akutseguka.

Pali achinyamata ena amakonda kutsegulira kabokosi ku intaneti kuti kasitomala azitha kuona mafayilo ake ali ku Lilongwe, pasiwedi n'kusiya "admin". Mu Juni 2021 eni ake a mabokosi a WD My Book Live m'maiko ambiri anadzuka n'kupeza zonse zafufutidwa ndi anthu akutali. Mu Januwale 2022 vayirasi ya DeadBolt inamanga mafayilo pa mabokosi a QNAP zikwizikwi oonekera pa intaneti, n'kumafuna dipo la Bitcoin. Musaganize kuti Kasungu ndi kutali, mapulogalamu a akubawa amangogogoda pa adiresi iliyonse osafunsa kuti ndi dziko liti. Zimitsani UPnP pa rauta, imene imalola kabokosi kudzitsegulira kokha khomo la ku intaneti, tsekani akaunti ya admin, ndipo wina akakuuzani kuti muyatse SMB1, njira yakale yogawanirana mafayilo, kuti TV yakale ione mafoda, mukumbutseni kuti vayirasi ya WannaCry ya mu 2017 inadzera pomwepo. Ngati mukufunadi kulowa muli kutali, njira yake ndi VPN, kanjira kachinsinsi kolowera pa netiweki ya kunyumba.

Kabokosi kakalira, musakatseke pakamwa. Tsiku lomwelo koperani zofunika, sabata yomweyo sinthani disiki. Disiki ikayamba kugogoda, zimitsani, musayatsenso kuti "tione ngati yasiya", chifukwa kuyatsa kulikonse kamutu kaja kakupala mbale. Musaiike mu fuliji, musaimenye, musalole aliyense kuimasula. Amene mwamupatsa mufunseni funso limodzi: kodi muyamba mwaikopera yonse pa disiki ina musanachite china chilichonse? Akayamba kukanda m'mutu kapena kunena kuti pulogalamu yake ndi yamphamvu, tengani katundu wanu muzipita, ngakhale mutalipira kale.

Mnyamata wa ku Nkhamenya uja anagula UPS ndi madisiki awiri a kunja, tsopano amabwera yekha kudzandionetsa SMART ngati khadi la ku sikelo. Disiki yotsegulidwa ija ikadali m'dirowa mwanga, yokulungidwa m'jumbo. Ndinawauza mayi aja kuti mbale zake zinakandika ndipo palibe chimene ndingachite. Anati ndisataye.