Wamtali akhale pa benchi? Mkangano wa m'nyumba ya amalume ku Mufakose

June kuno ku Harare kumazizira zenizeni, ndipo ndi mwezi womwewo umene timadzuka tambala woyamba asanalire kuti tionere fainolo ya NBA, ligi ya basketball ya ku America, imene timu yoyamba kupambana magemu anayi mwa 7 imatenga chikho. Gemu ikayamba 8:30 madzulo ku New York, kwathu kuno imakhala 2:30 usiku. Timasonkhana kwa amalume ku Mufakose, ena pa sofa ena pansi, aliyense atadzikulunga m'bulangete, tiyi ali m'fulasiki. Mwayi wake, nthawi imeneyo magetsi amakonda kukhalapo. Ife ndife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya Nyasaland kudzafuna ntchito ku Salisbury, Harare wa lero. Panja timayankhula Chishona, koma mkangano ukatentha Chichewa chimatuluka chokha.

Mkanganowo ndi umodzi chaka chilichonse. Amalume amati timu yopanda senta wamtali, wosewera pafupi ndi ring'i, ili ngati nyumba yopanda mzati. Mwana wawo, msuweni wanga, amati wamtali akangokokedwa kunja kwa mzere wa ma three, kutali ndi ring'i kumene woponya amapeza mapointi atatu, basi watha, miyendo yake siingatsatire anyamata othamanga, kochi amukhazike pa benchi.

Mu 2025 nkhaniyi inatsala pang'ono kuswa kapu ya azakhali. Oklahoma City Thunder inafika pa fainolo ikuyambitsa amtali awiri, Chet Holmgren ndi Isaiah Hartenstein. Pa gemu yoyamba ndi Indiana Pacers, kochi Mark Daigneault anasiya Hartenstein pa benchi n'kuyambitsa Cason Wallace, mnyamata wamfupi koma womaka ngati nkhupakupa. Thunder inatsogola ndi mapointi 15 m'chigawo chomaliza, kenako Tyrese Haliburton anaponya kutatsala 0.3 ya sekondi, 111-110. Amalume anadzambatuka, bulangete pansi, n'kuloza mwana wawo ngati ndiye analemba timuyo. "Iwe, waona? Wachotsa mzati, denga lakugwera!" Msuweni anangoti, "Bambo, dikirani ya Lamlungu." Gemu yachiwiri Thunder inapambana ndi timu yomweyo ya Wallace. Pa gemu yachinayi Hartenstein anabwerera poyambira, Thunder inapambananso, ndipo chikho anachitenga pa gemu ya 7. Aliyense m'nyumbamo anatola mbali yake ya nkhaniyo n'kuisunga.

Komatu mkangano umenewu ndi wamkulu msinkhu kuposa amalume. Unayamba ndi George Mikan wa Minneapolis Lakers, munthu wa mamita 2.08 wovala magalasi, amene anatenga zikho zisanu pakati pa 1949 ndi 1954. Ankangoima pafupi ndi ring'i, kulandira mpira n'kuuika. Akuluakulu a ligi ataona kuti palibe womuletsa, mu 1951 anakulitsa kabokosi ka pansi pa ring'i, kamene wosewera saloledwa kukhalamo masekondi opitirira atatu, kuchoka pa mafiti 6 kufika 12. Mu 1964 anakakulitsanso kufika mafiti 16 chifukwa cha Wilt Chamberlain. Apa amalume amakonda kunena kuti lamulo silipangidwira munthu wofooka, ndipo pamenepo ine ndimawavomera.

Mzere wa ma three unalowa mu NBA mu 1979, koma kwa zaka zambiri makochi ankauona ngati choseweretsa. Msuweni amathamangira ku fainolo ya 1980, pamene Kareem Abdul-Jabbar anavulala kakolo ndipo Magic Johnson, chaka chake choyamba mu ligi, anayamba gemu yachisanu ndi chimodzi ngati senta n'kugoletsa mapointi 42 ku Philadelphia. Iye amati umenewo ndi umboni woti senta n'ngosafunika. Amaiwala dala kuti Magic yemweyo anali wa mamita 2.06.

Amalume mtima wawo unatsalira mu 1994 ndi 1995. Ankaonera pa matepi a vidiyo obwereka, gemu itatha kale masabata angapo, ndipo tepi ya Houston Rockets inafika pokhala ndi mizeremizere chifukwa chobwezabweza. Hakeem Olajuwon, mwana wa ku Lagos amene anayamba ndi mpira wamiyendo ngati goloboyi, anagonjetsa Patrick Ewing ndi New York Knicks 4-3, chaka chotsatira n'kusesa Orlando Magic ya Shaquille O'Neal 4-0. Kwa munthu wa kuno, kuona Mwafirika akuzunguza ziphona za ku America ndi mapazi okha sichinali chinthu chaching'ono. Mpaka lero amalume akamapita kukhitchini amatha kutembenuka pakhomo, phewa uku, phewa uko, ngati pali wina akuwamaka.

Nthawi ya Shaq, O'Neal uja atapita ku Los Angeles Lakers, makochi anasowa nzeru n'kuyamba kumuchita faulo mwadala, podziwa kuti free throw, kuponya kopanda womutchinga pambuyo pa faulo, inkamuvuta. Pa gemu yachiwiri ya fainolo ya 2000 anaponya 39 n'kulowetsa 18 zokha, koma Lakers inapambanabe. Pambuyo pake malamulo anatembenukanso. Mu 2001 analola kutchinga kwa zone, kumaka dera m'malo mwa munthu, zimene zinapatsa matimu mpata wounjikira wamtali asanalandire n'komwe mpira. Mu 2004 anakhwimitsa zoletsa kugwiragwira ndi manja munthu amene akuyendetsa mpira kunja. Amfupi othamanga anapuma.

Chilonda chenicheni m'nyumba ya amalume ndi 2015. Golden State Warriors inali kumbuyo 2-1 kwa Cleveland Cavaliers, ngakhale kuti Cleveland inalibe Kevin Love ndi Kyrie Irving, onse atavulala. LeBron James ankachedwetsa gemu, Timofey Mozgov ndi Tristan Thompson akutola mipira yonse yobwerera pa bolodi. Nick U'Ren, wothandizira wachinyamata wa kochi Steve Kerr, anabwera ndi ganizo loti Andrew Bogut, senta wa mamita 2.13, akhale pansi, Andre Iguodala ayambe, Draymond Green asewere pakati. Kerr anauza atolankhani kuti sasintha kalikonse, gemu itatha n'kuvomera yekha kuti ananama. Warriors inapambana 103-82. Chodabwitsa, Mozgov anagoletsa 28 usiku umenewo, koma pa gemu yotsatira anangosewera mphindi 9, chifukwa Cleveland inakakamizika kuvina nyimbo ya eni ake. Warriors inatenga chikho 4-2, choyamba chichokereni 1975, ndipo Iguodala, amene sanayambeko gemu chaka chonsecho, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa fainolo. Amalume sanadye nsima yamasana tsiku limenelo.

Anabwezera chaka chotsatira. Warriors, imene inapambana magemu 73 n'kugonja 9 okha mu ligi, inatsogola 3-1 pa fainolo, Green anaimitsidwa gemu yachisanu, Bogut anavulala bondo pa gemu yomweyo, ndipo Cleveland inatembenuza zonse n'kumaliza ndi 93-89. Amalume amati kusowa kwa Bogut ndiko kunatsegula chipata. Ine ndimaona kuti amawonjezerako, pakuti LeBron wa masiku amenewo sakanaimitsidwa ndi bondo la munthu mmodzi.

Maganizo anga ndi oti onse awiri amateteza gemu imene anaiona koyamba, wina pa tepi wina pa foni, ndipo malamulo anali atasintha pakati pawo popanda wowafunsa. Wamtali amene amakhazikidwa pa benchi mu June ndi uja amene sangayende. Giannis Antetokounmpo, wamtali wa Milwaukee Bucks, anagoletsa 50 pomaliza fainolo ya 2021, ma free throw 17 mwa 19, ndipo palibe anamuyitanira benchi. Nikola Jokić atapatsa Denver chikho mu 2023, amalume anati, "Uyu ndi wanga, senta." Msuweni anati munthu wopatsa anzake mpira chonchija si senta, ndi gadi, woyendetsa mpira kunja, amene anangotalika mwangozi. Anakangana mpaka kunja kunayera, makombi opita m'tauni atayamba kale kuliza mahutala pamsewu. Azakhali analowa n'kutenga fulasiki, n'kunena kuti amene akufuna kupitiriza akapitirizire panja, iwo akufuna kukolopa.