Zoti kukhazikitsa mtendere m'mudzi ndi kwa amuna okha n'zabodza

Zaka zikupita koma mawu akale aja sakutha: akuti kuletsa ndewu ndi kuyanjanitsa anthu ndi ntchito ya amuna, amayi malo awo ndi pamoto wa nsima ya pamaliro. Ndatopa nawo mawuwa, chifukwa si oona.

Kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, Achewa ufumu timatsata kuchikazi. Posankha wolowa ufumu, amayi akuluakulu a mbumba ali ndi mawu, ndipo mafumu aakazi aliko. Nanga mkazi akabwera kuchitsime diso lili lotupa, kapena mtsikana akasiya sukulu mwakachetechete, amayamba kuona ndani? Kawirikawiri ndi amayi anzake, potunga madzi, kuchigayo, kukwaya ya kutchalitchi. Iwowa ndiwo amathamangira kwa ankhoswe zinthu zisanafike poipa. Ntchito yawo siichitikira pabwalo, n'chifukwa chake ambiri saiwerengera.

Malamulo a Mozambique nawonso samupatula mayi. Lamulo 29/2009 limati nkhanza za m'banja kwa amayi ndi mlandu woti aliyense angathe kukaunena, ndipo lamulo 19/2019 limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Mungadzionere nokha. Funsani amfumu kwanu kuti nkhani za m'mabanja zimawapeza kudzera mwa yani. Funsani anamkungwi. Kupolisi pemphani akufotokozereni malamulo awiriwa. Ndipo wina akakutumizirani pa WhatsApp zoti amayi ndiwo amasokoneza mudzi, chonde musazitumize kwa ena musanafufuze kumene wazitenga.