Pepala la DNA silinaone chotupa chanu

Ndatopa nawo mawu awa. Sipadutsa sabata osabwera munthu atagwira pepala, kapena akundionetsa pa foni, n'kumati: "Adokotala, ndinayezetsa DNA, akuti khansa ndilibe." Ndikapukusa mutu amandifunsa ngati sindinamve zoti asayansi anamaliza kalekale kuwerenga chibadwa chonse cha munthu.

Ndinamva. Ntchito imeneyo, ya Human Genome Project, inayamba mu 1990. Malabotale 20 a ku America, Britain, France, Germany, Japan ndi China anagawana makromozomu (timitolo ta DNA ta m'maselo a thupi) ngati ndime za m'munda, ndipo labotale ya Sanger Centre ya kufupi ndi Cambridge ku Britain inalima pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ankatsata zilembo zinayi zokha za DNA, A, C, G ndi T, koma zondondozana mpaka mabiliyoni 3, ndipo ndalama zake zinayandikira madola mabiliyoni 3. Chimene ndimawavulira nacho chipewa n'chimene anagwirizana ku Bermuda mu 1996, chakuti aliyense akawerenga kachigawo azikatulutsa poyera pasanathe maola 24, osakabisa kuti adzagulitse. Pa 26 June 2000 Bill Clinton, pulezidenti wa America panthawiyo, analengeza ku White House, asayansi Francis Collins ndi Craig Venter ali pambali pake, kuti zolemba zoyamba zatheka. Mu 2003 anati ntchito yatha, ngakhale kuti anali atafika pa 92 peresenti. Mipata yovuta inatsekedwa mu 2022, ndipo kromozomu ya Y, ya amuna, inamalizidwa mu 2023.

Koma kutchula zilembo za chinenero si kumva chimene chikunenedwa. Ambiri ankayembekezera kupeza majini (osati mizimu ija, ndikunena tizigawo ta DNA) okwana 100,000 opanga mapuloteni. Anapeza pafupifupi 20,000 basi, ndipo malangizo opangira mapuloteniwo sakwana n'komwe 2 peresenti ya DNA yonse. Alipo matenda amene nkhani yake ndi yachidule: sickle cell imayamba ndi chilembo chimodzi chosinthika pa kromozomu 11. Shuga wa akuluakulu ndi kuthamanga kwa magazi sizili choncho. Pamenepo pali malo mazanamazana, aliwonse akukankha pang'ono, kuphatikizapo zaka, kadyedwe ndi kulemera kwa thupi.

Komanso anawerenga za ndani? Pafupifupi 70 peresenti ya zolemba zoyambazo inachokera m'magazi a bambo mmodzi wa ku Buffalo, m'chigawo cha New York. Kafukufuku wambiri amene anatsatira anachitika pa anthu a makolo a ku Ulaya, pamene kusiyanasiyana kwakukulu kwa DNA kuli pakati pa anthu a mu Africa. Ndiye makina akapanda kupeza kanthu mwa inu, mwina angofufuza zimene zinaonekapo mwa anthu ena.

Amene samandichoka m'mutu ndi mayi wina wa zaka za m'ma 40, wophunzira bwino. Anamva kachotupa kolimba m'bere lamanzere akusamba. Sikankapweteka. M'malo mobwera, anaitanitsa kabotolo pa intaneti ku kampani ina, analavuliramo malovu n'kutumiza. Yankho linabwera lakuti sanapeze vuto pa BRCA1 ndi BRCA2, majini awiri amene anadziwika mu 1994 ndi 1995 kuti amakhudzana ndi khansa ya m'mawere. Mtima unakhala pansi. Anakhala miyezi isanu ndi itatu. Pofika kwa ife khungu la bere linali litachita timaenje ngati khungu la lalanje, ndipo m'khwapa munali mwanabere wolimba gwa. Ndikumufotokozera zotsatira, anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa pepala lija, lopindidwa bwinobwino, n'kuliyala patebulo. "Nanga ili, adokotala?"

Pepalalo silinaname, ndipo n'zimene zimandiwawa. Linayeza malo ochepa chabe, pamene zosinthika zodziwika m'majini awiriwo zilipo masauzande, ndipo linanena zimenezo m'timalemba tating'ono ta kumapeto. Ngakhale likanayeza zonse, pa amayi khumi odwala khansa ya m'mawere pafupifupi asanu ndi anayi sanaitengere kumtundu. DNA ya m'malovu imanena za chiopsezo chimene munabadwa nacho. Siidziwa kanthu za chotupa chimene chamera chaka chino. Chotupa timachigwira ndi manja, timachiunika ndi makina, kenako timadulako kanyama kukaona pa maikulosikopu. Njira ina palibe.

Tsopano abwera ena ochenjera pakamwa. Akuti malovu a mwana wanu aulula ngati adzakhale katswiri wa mpira kapena wa masamu. Akuti akukonzerani kadyedwe "kogwirizana ndi majini anu", ndipo mwamwayi mapiritsi ake ali nawo pomwepo. Wina anandionetsa botolo la mankhwala akumwa olembedwa kuti amakonza DNA. Kukonza jini kulipodi: mu 2023 Britain ndi America anavomereza chithandizo choterocho cha sickle cell. Koma amachotsa maselo opanga magazi m'thupi la wodwala, kukawasintha mu labotale, kumupatsa mankhwala amphamvu opha mafuta a m'mafupa akale, n'kumugoneka m'chipatala milungu ingapo, pa mtengo wopitirira madola mamiliyoni 2. Wokugulitsani zimenezo m'botolo akukuberani, ndipo choipa kwambiri akukudyerani nthawi.

Sindikuti kuyeza majini n'kopanda ntchito. Ngati mayi anu, achemwali anu kapena azakhali anu anadwala khansa ya m'mawere kapena ya m'thumba la mazira asanakwanitse zaka 50, bwerani tikambirane zoyeza mokwanira, ndipo musaiwale akuchimuna, chifukwa bambo nawo amapatsira ana majini amenewa. Koma ngati mwamva chotupa, kapena nsonga ya bere yalowa m'kati, kapena ikutuluka magazi, bwerani sabata yomweyo. Mufunse kwanu kuti anadwala ndani, khansa yanji, ali ndi zaka zingati. Pepala lija mutha kubwera nalo, tidzaliona pomaliza.