Zilembo zikamaoneka mwachimbuuzi, musathamangire kugula monitor

Sabata yatha mayi wina wotayipa makalata ku Area 25 anabwera pa kabaza, monitor ataikulunga m'chitenje. Akuti yatha, chilembo chilichonse chili ndi mthunzi kumanja kwake. Nditailumikiza ku kompyuta yanga inaoneka bwinobwino. Wolakwa anali atatsala kunyumba: chingwe.

Chinali cha VGA, chija cha mutu wabuluu wa timapini 15. VGA anaiyambitsa a IBM mu 1987, ndipo imatumiza chithunzi ngati mafunde a magetsi, pomwe HDMI, mtundu wina wa chingwe cha chithunzi, imatumiza manambala. N'chifukwa chake chingwe cha VGA chikatalika, chikakhala chowonda, kapena pini imodzi ikapindika, mumaona mithunzi ndi kunjenjemera, mwinanso sikirini yonse kusanduka yapinki kapena yachikasu. Mangitsani timasikuluu tiwiri ta pamutu wa chingwecho, kenako dinani batani la Auto pa monitor. Ngati mbali zonse kuli polowetsa HDMI, VGA isiyeni.

China chimene ndimakumana nacho pafupifupi tsiku lililonse ndi resolution. Sikirini iliyonse ili ndi timadontho towerengeka, mwachitsanzo 1920 x 1080 kapena 1366 x 768. Mukaipatsa chithunzi cha 1024 x 768, imachikoka ngati legeni kuti chidzaze, zilembo n'kufufuma. Ambiri amatsitsa dala resolution maso akayamba kuvuta, ndipo sindiwadzudzula, koma njira yake si imeneyo. Pa Display settings ya Windows sankhani resolution yolembedwa Recommended, ndipo zilembo muzikulitse pa Scale, 125% kapena 150%. Resolution yoyenerayo ikasowa pamndandanda, nthawi zambiri driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo chopanga chithunzi) ya Intel, Nvidia kapena AMD sinaikidwe, makamaka Windows akangoiika kumene.

Nanga mizere ndi timabokosi tamitundumitundu? Apa musalote. Tsegulani menu ya monitor yeniyeniyo. Mizere ikadutsanso pa menupo, odwala ndi monitor. Ikapanda kudutsa, tengani screenshot n'kuitumiza pafoni panu. Timabokosi tikaonekanso pafoni, ndiye kuti chithunzi chinaonongekera m'kati mwa kompyuta chisanafike n'kuchingwe komwe, ndipo tiyang'ane graphics card, khadi yopanga chithunzi m'kompyutamo.

Khadiyi mdani wake ndi kutentha. Fumbi la Lilongwe la mu Seputembala ndi Okutobala limaundana pa fani ngati thonje, ndiye kompyuta imayamba bwino m'mawa, koma mukatsegula gemu kapena vidiyo ya ukwati, zamawangamawanga zija zayamba. Zimitsani, zulani kumagetsi, pemererani fumbilo mutagwira fani kuti isazungulire. Laputopu musamaiike pa bulangete.

Timabokosi tikamabwera kompyuta ikadali yozizira, driver ilinso yatsopano, kawirikawiri memory ya khadiyo yafa. Ena adzakuuzani kuti aiwotcha ndi mpweya wotentha idzuke. Imadzukadi nthawi zina, koma sikhalitsa, ndipo ine ndalama ya kasitomala pa ntchito imeneyo sindilandira.