Musamatchule Regragui pofuna kuchotsa kochi wanu

Ndatopa nayo nkhani imeneyi. Kulikonse kumene ndapita kukaphunzitsa aphunzitsi a mpira, sipalephera kudzuka mkulu wina wa m'komiti ya timu n'kunena kuti, "Achimwene, simunaone a Morocco? Anachotsa kochi kutatsala miyezi itatu, koma anakafika mu semifainolo ya World Cup. Nafenso tingosintha." Mukamva mawu amenewa dziwani kuti kalata ya mphunzitsi wawo inalembedwa kale, ikungodikira kusainidwa. Dzina la Walid Regragui lasanduka chikwanje chodulira anthu ntchito, pamene mbiri ya mwini wakeyo ikunena zosiyana kotheratu.

N'zoona, anamupatsa timu ya dziko la Morocco pa 31 Ogasiti 2022, ndipo masewero oyamba ku Qatar, omwe analepherana ndi Croatia 0-0, anali pa 23 Novembala. Masiku 84 okha. Anthu amawerenga masiku amenewa n'kuima pomwepo, ngati kuti munthuyu anachita kutoledwa pamsewu.

Regragui anabadwa mu 1975 ku Corbeil-Essonnes, kummwera kwa Paris, kwa makolo ochokera ku Fnideq, kumpoto kwa Morocco. Ankasewera nambala 2. Anadutsa ku Toulouse, Ajaccio, Racing Santander ya ku Spain, Dijon ndi Grenoble, matimu olimbikira koma osati aja ana amavala majezi awo m'makwalala. Dziko lake analisewerera masewero oposa 40, ndipo analipo mu fainolo ya Africa Cup of Nations ya 2004 pamene Morocco ya Badou Zaki inagonja 2-1 kwa eni bwalo, Tunisia. Anali wosewera wabwino, wakhama, basi. Chimene zaka zimenezi zinamupatsa ndi khutu. Mwa osewera 26 amene anapita nawo ku Qatar, 14 anabadwira kunja kwa Morocco monga iye mwini, ndiye ankadziwa mmene zimapwetekera mwana wobadwira ku Madrid kapena ku Netherlands akamauzidwa kuti si wakwathu kwenikweni. Izi zinamuthandiza. Koma si zimene zinamupanga kukhala mphunzitsi.

Uphunzitsi anauyambira pansi. Mu 2012 anali wothandizira Rachid Taoussi ku timu ya dziko, ntchito yonyamula makoni ndi kumvera, ndipo inatha chaka chotsatira zinthu zitavuta. Mu 2014 anapita ku FUS Rabat, ndipo apa ndi pamene ndimafuna akuluakulu a m'makomiti atsegule maso. Anakhalako mpaka Januwale 2020, pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi pa timu imodzi. Anatenga chikho cha Throne Cup mu 2014, kenako Botola, ligi yaikulu ya ku Morocco, mu 2016. FUS inakhazikitsidwa mu 1946 ndipo inali isanatengepo ligi. Inadikira zaka 70. Itatenga ligi kamodziko sinaitengenso m'zaka zotsatira, Wydad ndi matimu ena akuluakulu anabwerera pamwamba, koma eni timu sanamupirikitse. M'zaka zopanda chikhozo ndi mmene munthu amaphunzira kumanga timu ndi osewera amene alipo, kugulitsa wabwino n'kulera wina, kulowa m'chipinda chovalira mutagonja katatu motsatizana anyamata osakuyang'ana kumaso. Palibe kosi imene ingalowe m'malo mwa zaka zimenezo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Atachoka kumeneko anatenga ligi ya Qatar ndi Al-Duhail mu 2020, ngakhale sanatheko chaka. Mu 2021 anapita ku Wydad Casablanca, ndipo pa 30 Meyi 2022 anagonjetsa Al Ahly 2-0 mu fainolo ya CAF Champions League, zigoli zonse za Zouhair El Moutaraji, n'kuwonjezanso ligi ya kwawo. Munthu amene a Morocco anamuitana mu Ogasiti anali ndi zaka khumi pa benchi ndi zikho m'mayiko awiri.

Timunso sanaipeze ili bwinja. Ife a Malawi tikuyenera kudziwa izi kuposa ena, poti mu Januwale 2022 ku Yaoundé tinakumana nayo mu Africa Cup of Nations. Gabadinho Mhango atamenya chigoli chija chapatali kudutsitsa Yassine Bounou, amene anatibweza anali Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi, ndipo tinagonja 2-1. Mphunzitsi anali Vahid Halilhodžić, yemweyo amene anawapititsa ku World Cup pogonjetsa DR Congo. Anamuchotsa kwakukulu chifukwa cha mkangano wake ndi wosewera Hakim Ziyech. Regragui anabweza Ziyech, analola makolo a osewera kubwera ku Qatar, nabweretsa mtendere. En-Nesyri, Nayef Aguerd ndi Azzedine Ounahi anali atadutsa kale ku Mohammed VI Football Academy, yomwe inayamba mu 2009. Kodi timu yanu ili ndi chiyani chofanana ndi zimenezi, inu amene mukufuna kusintha kochi ligi ili pakati, anyamata ali ndi miyezi iwiri osalandira malipiro?

Masewero a Morocco ndi Spain a ku Qatar ndimawaonetsa kwa ophunzira anga mobwerezabwereza. Spain inakhala ndi mpira nthawi yoposa magawo atatu mwa anayi, koma inasowa polowera kwa mphindi 120. Taonani Sofyan Amrabat pamene akuima patsogolo pa otchinga anayi, taonani mmene mizere ikusunthira limodzi mpira ukapita kumbali, mpata pakati pa mizere osakula. Kufikira semifainolo, chigoli chokhacho chimene chinalowa kwa Morocco chinali chodzigoletsa okha, cha Aguerd, polimbana ndi Canada. Belgium, Spain ndi Portugal onse anabwerako chimanjamanja. Imeneyi ndi ntchito ya pabwalo lochitira mafizo ndi ya pa kanema, yomwe mphunzitsi wosazolowera sangaikhazikitse m'masiku 84 ngakhale atamupatsa osewera omwewo. Ndipo anthu omwe amanena za kuchotsa Halilhodžić satchula Januwale 2024, pamene South Africa inatulutsa Morocco mu Africa Cup of Nations poigonjetsa 2-0 ku San Pedro, Hakimi ataphonya penate. Dziko lonse linakwiya. Bungwe la mpira ku Morocco linamusunga Regragui.

Chimene chimandiwawa kwambiri si makomiti, ndi osewera anzanga akale. Pali mnyamata wina, sindimutchula, yemwe anali dolo weniweni pakati, wokondedwa ndi masapota. Ali ndi zaka 29 ndinamuuza kuti, "Mphwanga, yamba makosi tsopano ukadali kusewera, uzitenganso timu ya ana Loweruka m'mawa." Anaseka, amvekere, "Akulu, mpira ndimaudziwa, pepala likandiuza chiyani?" Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Bondo litamukana, timu ina inamupatsa uphunzitsi chifukwa cha dzina. Ndinapita kukaonera mafizo ake tsiku lina. Anyamata anathamanga kuzungulira bwalo mpaka kutopa, kenako anawagawa pawiri n'kuwaponyera mpira, iye n'kulowa nawo kusewera. Wosewera akalakwitsa ankangokalipa kuti, "Simukuona?" Iye ankaona, poti Mulungu anamupatsa maso amenewo, koma sanaphunzire kuuza wina zimene akuona. Patatha masewero asanu ndi awiri anamuchotsa, masapota omwe ankamuimbira nyimbo aja akumutukwanira mayi ake. Lero safuna n'kumva za mpira. Ndimadzifunsabe ngati ndinamukakamiza mokwanira, chifukwa akanayamba nthawi ija, bwenzi pano ali mmodzi mwa aphunzitsi abwino amene tili nawo. Kugona pakati n'kuyambirira. Wosewera amene wadutsa zaka 27 asadikire kuti mwendo uthyoke. Malayisensi a uphunzitsi a CAF, bungwe la mpira mu Africa, amakwera motsatana, C, B, A, ndipo pakati pake pamafunika nthawi yogwira ntchito pabwalo. Sungawatenge onse mwezi umodzi chifukwa ntchito yapezeka mwadzidzidzi.

Munthu akachedwa choncho ndi pamene akamberembere amamupeza. Alipo amene akugulitsa masatifiketi a pa intaneti a masiku atatu, okongola ndi zidindo zagolide, n'kumati ndi a ku Ulaya. Ndawagwirapo m'manja, mwini wake atagulitsa njinga yamoto kuti alipire. Musanapereke tambala, funsani ku FAM ngati pepalalo likudziwika. Alipo enanso amene amavala tirakisuti ndi wezulo pakhosi, n'kutsegula zomwe akuzitcha akademe pabwalo la sukulu, ana 60 mipira iwiri, makolo akulipira mwezi ndi mwezi polonjezedwa kuti mwana apita ku Morocco kapena ku Ulaya. Mwana wa zaka 11 akumuthamangitsa masitepe ngati msilikali, bondo likatupa akuti alimbe mtima. Makolo, mufunseni munthuyo layisensi yake, muione ndi maso, mufunse kuti mwana akavulala amapita naye kuti. Akakwiya ndi mafunso amenewa, mutengeni mwana wanu tsiku lomwelo.

Za asing'anga a timu ndiye ndinene mosabisa. Ndamvapo munthu wamkulu akulumbira kuti Bounou anali wokhwima pogwira mapenate a Carlos Soler ndi Sergio Busquets a Spain. Goloboyi amene uja anali akusewera ku Sevilla, mu ligi ya Spain momwemo, omenyawo ankawadziwa. Koma timu ikakhulupirira zoterezi, ndalama yogulira mipira ndi yolipirira dokotala imapita kwa munthu wokwirira zithumwa pagolo usiku, ndipo wosewera wovulala mnofu wa ntchafu amatemedwa mphini n'kulowetsedwa m'bwalo Lamlungu. Kuvulala kwa masabata atatu kumasanduka kwa miyezi inayi. Ndaonapo awiri otere chaka chino chokha, ndipo mmodzi sanabwererebe pabwalo.