Kupimitsa maganizo a mwana si kumutsekeretsa

M'magulu athu a WhatsApp kuno ku Johannesburg mumabwerabwera uthenga wonena kuti mwana akangopimidwa za umoyo wa m'maganizo, amalandidwa kwa makolo n'kukatsekeredwa m'chipatala cha amisala. Zimenezi si zoona.

Namwino kapena dokotala amafunsa za tulo, kadyedwe, sukulu, mmene zinthu zilili pakhomo, ndiponso ngati mwanayo anaganizapo zodzivulaza, ndipo mayankhowo ndi amene amasonyeza kukula kwa thandizo lofunika. Ana ambiri amalandira uphungu akugona kwawo. Kugonekedwa kumaganiziridwa makamaka moyo ukakhala pachiswe, ndipo lamulo la Mental Health Care Act la 2002 limateteza ufulu wa wodwala aliyense.

Mukakayika, funsani kukiliniki yapafupi kapena imbani ku bungwe lothandiza ana la Childline pa 116 kwaulere. Chonde, uthengawu musautumizenso, chifukwa ukuchititsa makolo kubisa ana ovutika.