Kaliwo wopindika sanapindidwe chifukwa cha manyado

Kuno ku Zomba, komwe kunali likulu la dziko mpaka 1975, mabanja ena akusungabe akaliwo amene agogo awo analandira kwa azungu omwe ankawagwirira ntchito. Anthu akaona kaliwo wopindika ngati khosi la tsekwe, amati amisiri ankangofuna kukongoletsa. Si choncho ayi.

Tengani kaliwo wotchedwa calabash. Thupi lake ndi chipanda chenicheni, chimene alimi a ku South Africa ankachipinda pang'onopang'ono chikadali chanthete kumunda. M'kati mwake muli mphako, ndiye utsi umayamba wazungulira mmenemo n'kufika pakamwa utazizirako. Nayenso Charles Peterson, mmisiri wa akaliwo wa ku Dublin, m'zaka za m'ma 1890, anaika kadzenje m'munsi mwa njira ya utsi kuti chinyezi chizitsalira mmenemo, chisamafike pa lilime. Komabe tisanamizane, utsi wozizira umawononga mapapo chimodzimodzi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya meerschaum, mwala woyera wopepuka umene amakumba ku Eskişehir, m'dziko la Turkey, n'kumausema kukhala akaliwo. Mwalawu umamwa mafuta a fodya, ndipo zaka zikamapita umasanduka wachikasu, kenako wofiirira ngati uchi. Mtundu umenewu ndi umene osonkhanitsa akaliwo amaufunafuna. Tsiku lina ku Chinamwali ndinapeza mnyamata akupala kaliwo wa meerschaum wa agogo ake ndi sandipepa, ati akuchotsa litsiro. Ndinamugwira dzanja: "Achimwene, lekani, muzingopukuta ndi kansalu kouma." Mbali imodzi inali itayera kale mbee.